ANALIPIRA NDALAMA, KOMA KATUNDU SANALI WAO

Mlimi akagula njinga pa sitolo ya ku Katete, nalipira ndalama zonse, nalandira lisiti, njingayo ndi yake kufikira itatha. Angathe kuibwereketsa kwa mlamu wake, kuigulitsa pa nthawi ya njala, kapena kuisiyira mwana wake. Mwini sitolo sangabwere patapita zaka khumi ndi kunena kuti, "Fakitale imene inapanga njinga iyi yatopa nayo, tsono ndadzacotsako magudumu." Atatero anthu a m'mudzi angamuseke, ndipo a nyakwawa sangacedwe kuweruza mlanduwo.

Koma cinthu cotere cinacitikadi m'caka ca 2024 kwa anthu ambiri a ku Ulaya, ku America ndi kwina, ndipo nkhani yake inafika m'makhoti ndi m'nyumba za malamulo. Katundu wake sanali njinga ai, koma masewera a pakanema, aja amene acinyamata amawacha magemu, oseweredwa pa kompyuta, pa lamya ya m'manja, kapena pa kabokosi kolumikiza ku wailesi yakanema monga PlayStation ndi Xbox. Nkhaniyi iyenera kumveka ngakhale kumidzi, pakuti mafoni amene alimi amalandirirapo ndalama za thonje ndi soya ndi omwewo amene ana amasewererapo madzulo, ndipo m'misika yambiri muli anyamata amene anaika cuma cao conse pa kabokosi kamodzi kotere kuti anzao azilipira posewera mpira wa pakanema.

WAILESI YA SITESHONI IMODZI

Gemu imene inabutsa mlandu dzina lake ndi The Crew. Inapangidwa mu mzinda wa Lyon m'dziko la France, ndipo kampani ya Ubisoft, ya ku France komweko, inayamba kuigulitsa mu Disembala 2014. Ndi masewera a mpikisano wa magalimoto. Wosewera amayendetsa galimoto ya pacithunzi m'miseu ya dziko la America, kucokera ku New York kukafika ku Los Angeles, kupyola m'mapiri ndi m'zipululu. Ena anaigula pa intaneti, koma ambiri anapita ku sitolo nagula cimbale ceni-ceni ca m'kabokosi kake, cogwirika ndi manja, nacisunga pa shelefu monga munthu asungira buku.

Cimene ogula ambiri sanacisamale ndi cakuti gemu imeneyi sinali kuyenda payokha. Nthawi iriyonse wosewera akaiyatsa, inali kuyamba yalankhulana pa intaneti ndi makompyuta akulu-akulu a kampani, ochedwa maseva. Popanda yankho locokera kumeneko galimoto sinali kusuntha, ngakhale munthu afune kusewera yekha m'nyumba mwake wopanda mnzake. Zinali ngati wailesi yopangidwa kuti izigwira siteshoni imodzi yokha. Malinga siteshoniyo iri kuulutsa mau, wailesi ndi yabwino. Tsiku limene siteshoni yatsekedwa, ngakhale mabatire akhale atsopano, mwini wake watsala ndi bokosi cabe.

Pa 14 Disembala 2023 kampani ya Ubisoft inacotsa gemuyi m'masitolo a pa intaneti, nilengeza kuti maseva ake adzazimitsidwa kumapeto kwa Marichi kaamba ka mabvuto a makina ndi a mapangano a zilolezo. Pa 31 Marichi 2024 nthawi inakwana, ndipo The Crew inafa paliponse pa dziko lapansi. Okhawo amene anali atangoigula kumene ndiwo analonjezedwa kubwezeredwa ndalama. M'mwezi wotsatira, wa Epulo, osewera ena a pa kompyuta anapezanso kuti cilolezo cao cafufutidwa, kotero kuti sakanathanso ngakhale kuikoperanso gemu imene analipira.

Mu Novembala 2024 anthu awiri a m'cigawo ca California ku America anasumira Ubisoft ku khoti m'dzina la ogula onse. Yankho la maloya a kampaniyo ndilo linatsegula anthu maso. Iwo anati ogulawo sanagule gemu kuti ikhale yao kosatha. Cimene anagula ndi cilolezo cokhala ndi malire coigwiritsira nchito, ndipo mau onena zimenezi, pamodzi ndi akuti pafunika intaneti, analembedwa pa bokosi.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mwa malamulo a makampaniwa, munthu wogula gemu ali ngati wobwereka dimba. Angalimemo, angadye za m'menemo, koma nthaka ndi ya mwini, ndipo mwini akafuna kutseka mpanda atseka. Kusiyana kwake ndi kwakuti wobwereka dimba amadziwa kuti wabwereka, pakuti amapangana pakamwa pamaso pa mboni. Wogula gemu amaona liu lakuti "gula" lolembedwa ndi malemba akulu, ndipo liu lakuti "cilolezo" limabisala m'cikalata cacitali ca Cingerezi ca maloya, cimene cimaoneka pa kanema munthu atalipira kale kawiri-kawiri, ndipo iye amangodinda batani lobvomera osawerenga kaamba ka cangu cofuna kuyamba kusewera. Sikuti kampani inanama m'mau ake onse. Koma liu lakuti kugula liri ndi tanthauzo lake limene anthu analidziwa makompyuta asanabwere, ndipo wogulitsa amene aligwiritsa nchito potenga ndalama, nalikana pa tsiku la mlandu, sanganene kuti manja ake ndi oyera.

Mkwiyo unakula cifukwa ca mau amene mmodzi wa akulu-akulu a Ubisoft, a Philippe Tremblay, ananena mu Januwale 2024 pofunsidwa ndi atolankhani. Iwo anati anthu anazolowera kale kumvera nyimbo ndi kuonera mafilimu popanda kukhala ndi zimbale zao-zao, ndipo kuti malonda olipira mwezi ndi mwezi akule, osewera magemu nawonso afunika kuzolowera kusakhala eni ake a magemu ao. Mauwo anali kunena za malonda a mtundu wina, koma atazima maseva a The Crew patangopita miyezi iwiri, anthu anawakumbukira.

MAINA OPOSA MILIYONI

Munthu amene anakana kukhala cete ndi a Ross Scott, mbadwa ya ku America yodziwika ndi makanema onena za magemu pa YouTube. Mu Epulo 2024 anayambitsa gulu lochedwa Stop Killing Games, kutanthauza kuti lekani kupha magemu. Pempho lao linali locepa kuposa m'mene ena analimvera. Sanati makampani ayendetse maseva mpaka muyaya, pakuti maseva amadya magetsi ndi malipiro a anchito. Anati kampani ikafuna kusiya gemu imene inagulitsa, iisiye iri yamoyo: icotse cingwe comangirira gemuyo ku maseva ake kuti munthu azisewera yekha, kapena ilole osewera kudziyendetsera maseva ao. Wogulitsa cigayo angathe kuleka kucikonza, koma sayenera kubwera usiku kudzathira mcenga mu injini.

M'maiko a mgwirizano wa European Union muli lamulo lakuti nzika zikasonkhanitsa maina miliyoni imodzi m'caka cimodzi, kucokera m'maiko osacepera asanu ndi awiri, akulu-akulu a mgwirizanowo ayenera kumva pempho lao ndi kuyankha, ngakhale kuti sakakamizidwa kupanga lamulo latsopano. Kulemba maina kunayamba pa 31 Julayi 2024. Kwa miyezi yambiri kunayenda mwa ulesi, ndipo pofika mu Juni 2025 ciwerengero cinali cisanafike ndi pa theka pomwe. Kenaka anthu ena ochuka a pa intaneti anaitola nkhaniyo, ndipo m'masiku owerengeka maina anasefukira. Miliyoni inakwana kuciyambi kwa Julayi, ndipo potseka pa 31 Julayi 2025 anali oposa 1.4 miliyoni. Atawasefa kucotsa olakwika, otsala anali pafupi-fupi 1.3 miliyoni.

Ku Britain pempho lofanana nalo linapitirira maina 100,000 ofunika kuti nkhani ilowe m'nyumba ya malamulo, ndipo aphungu anaikambirana pa 3 Novembala 2025. Boma la kumeneko linati liribe ganizo losintha lamulo, koma linakumbutsa makampani kuti malamulo amene alipo kale amawaletsa kusoceretsa ogula.

Makampani nawo ali ndi mbali yao, ndipo iyenera kumveka. Bungwe lowaimirira ku Ulaya, la Video Games Europe, linati mu Julayi 2025 magemu ambiri amamangidwa kucokera pa maziko kuti aziyenda pa intaneti pokha, ndipo kuwamanganso mwa njira yina kungakweze mtengo wopangira. Linatinso pa maseva oyendetsedwa ndi anthu wamba palibe woteteza zinsinsi za osewera kapena wocotsa zonyansa. Mfundozi siziri zopanda pake. Koma zocita za makampani omwewo zinaonetsa kuti njira iripo pamene mtima ulipo. Google potseka malonda ake a magemu ochedwa Stadia mu Januwale 2023, inabwezera anthu ndalama za magemu ndi za zipangizo zimene anagula kwa iyo. Sony itaona kuti gemu yake ya Concord, yotuluka pa 23 Ogasiti 2024, yasowa ogula, inaizimitsa pa 6 Sepitembala, patangotha masabata awiri, nibwezera onse ndalama zao. Ndipo Ubisoft yomweyo, itamva kutentha kwa mkwiyo wa anthu, inalonjeza mu Sepitembala 2024 kuti The Crew 2, mng'ono wake wa gemu yakufayo, idzakonzedwa kuti iziyenda popanda intaneti, ndipo inateropo m'caka ca 2025.

Cigawo ca California sicinadikire. Mu Sepitembala 2024 bwanamkubwa wake, a Gavin Newsom, anasaina lamulo lochedwa AB 2426, limene linayamba kugwira nchito pa 1 Januwale 2025. Lamuloli silipatsa wogula umwini wa gemu. Limangoletsa sitolo ya pa intaneti kulemba kuti "gula" pamene ikugulitsa cilolezo cokha, pokhapokha itamuuza wogulayo poyera asanalipire. Sitolo yaikulu ya magemu a pa kompyuta, ya Steam, inayamba kuika cenjezo lotero pa malo olipirira mu Okutobala 2024. Ndi cipambano cacing'ono, cifukwa dimba likadali lobwereka. Koma tsopano mwini wake amanena yekha kuti ndi lobwereka.

LAMULO SILIIMA PA MALIRE

Pali mlandu wina wakale pang'ono umene uli ndi phunziro kwa maiko onse amene amagula katundu wotere kucokera kunja. Kampani ya Valve, mwini wa Steam, iri ku America, ndipo kwa zaka zambiri inali kuuza ogula kuti ndalama zikalowa sizituluka. Mu 2014 bungwe loteteza ogula la boma la Australia linaisumira. Valve inadziteteza ponena kuti siicita malonda m'dziko la Australia, ndi kuti malamulo oigwira ndi a kwao ku America. Khoti linakana. Linati amene alandira ndalama za anthu a ku Australia ayenera kumvera lamulo la Australia, ndipo mu Disembala 2016 linailipiritsa madola 3 miliyoni a dzikolo. Mlanduwo uli mkati, mu Juni 2015, Valve inakhazikitsa lamulo limene liripo kufikira lero: munthu angabweze gemu pasanathe masiku 14 cigulireni, ngati sanaisewere kupitirira maola awiri.

Kuno ku Zambia ogula amatetezedwa ndi lamulo la Competition and Consumer Protection Act la caka ca 2010, ndipo loliyang'anira ndi bungwe la CCPC, limene likulu lake liri mu Lusaka. Lamuloli limaletsa mwini sitolo kupacika cikwangwani cokana udindo wake, monga zija zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Limanenanso kuti wogulitsa katundu wolemala ayenera kubweza ndalama kapena kupereka wina wabwino. Mnyamata wa ku Petauke amene wagula PlayStation pa sitolo ya mu Chipata, napeza pofika kunyumba kuti siyaka, ali ndi poyambira, malinga lisiti liri m'thumba. Cobvuta ndi wogulitsa amene alibe sitolo m'dziko muno, wokhala kutsidya kwa nyanja, amene sangaitanidwe ndi kalata ya a mesenjala. Pamenepo cida cacikulu ca wogula ndi mafunso amene afunsa ndalama zisanacoke m'manja.

Akulu anati safunsa anadya phula. Funso loyamba ndi lakuti: kodi gemu iyi iyenda popanda intaneti? Pa bokosi la cimbale, kawiri-kawiri kumbuyo kwake, pamalembedwa ngati intaneti ifunika, ndipo kumudzi kumene netiweki imabwera ndi kupita ngati mvula ya m'Okutobala, gemu yotere ndi yolemala ngakhale maseva ake asanazime. Imadyanso mabandulo tsiku ndi tsiku, kotero kuti mtengo wa pa sitolo ndi ciyambi cabe ca kulipira. Pali masitolo ena a pa intaneti, monga GOG ya ku Poland, amene amagulitsa magemu opanda cingwe cotere, oti munthu akawakopera pa kompyuta yake amayenda osapempha cilolezo kwa wina aliyense.

Funso laciwiri limakhudza maka-maka anyamata a m'misika, amene ambiri a iwo amagula makina ogwirapo kale nchito okhala ndi magemu m'kati. Magemu ogulidwa pa intaneti sakhala a makinawo. Amakhala a akaunti ya munthu amene anawalipira, ndiye kuti dzina lake lolembetsa ndi mau ake acinsinsi. Mwini akauntiyo akasintha mau acinsinsi, kapena akaisamutsira pa makina ena, magemu aja angatsekeke, ndipo mnyamata amene anagulitsa ng'ombe kuti ayambe malonda adzatsala ndi ana pakhomo ali ndi makobiri m'manja, iye alibe cowapatsa. Kudandaula ku kampani sikungathandize, pakuti m'mabuku ao dzina lake mulibe. Cimodzi-modzi ndi magemu okopedwa mwakuba amene amagulitsidwa mochipa: wowagula alibe ufulu uliwonse woti akaufunse kwa amene anawapanga. Cimbale ceni-ceni ca gemu yosafuna intaneti ndico cokha cimene cikadali kufanana ndi njinga ija, coti munthu angabwereketse kapena kugulitsanso. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wa pacala ngwa mphepo.

ZAULERE ZODYA NDALAMA

Magemu ambiri a pa foni amalembedwa kuti ndi aulere, ndipo kuwakopera salipiritsadi. Ndalama zimatuluka pambuyo pake, munthu atakodwa kale. M'kati mwa gemu mumakhala sitolo yogulitsa zobvala za pacithunzi, zida, magalimoto, kapena mwai wopitirira pamene wosewera wagonja. Zonsezi nazonso ndi zilolezo cabe, ndipo gemu ikafa zimafera limodzi.

Ana ndiwo amagwa msanga m'mbuna imeneyi. Mu 2014 bungwe la boma la America loona za malonda, la FTC, linagwirizana ndi kampani ya Apple kuti ibweze madola osacepera 32.5 miliyoni kwa makolo amene ana ao anagula zinthu m'magemu popanda cilolezo, ndipo Google inabvomera kubweza osacepera 19 miliyoni pa cifukwa comweco. Mu Disembala 2022 kampani ya Epic Games, mwini wa gemu yochuka ya Fortnite, inabvomera kulipira madola 520 miliyoni. Mwa ndalamazi, 275 miliyoni zinali cilango ca kutolera zinsinsi za ana popanda cilolezo ca makolo, ndipo 245 miliyoni zinali zobwezera anthu amene anawonongetsedwa ndalama mosafuna. Bungwelo linati mabatani anaikidwa mosokoneza kotero kuti kukhudza limodzi lokha molakwitsa kunali kokwanira kuti ndalama zicoke, ndi kuti ena amene anakadandaula ku mabanki ao anatsekeredwa maakaunti, nataya zonse zimene anagula kale. Dziko la Belgium linapita patsogolo mu 2018 pogamula kuti mabokosi a mwai ogulidwa ndi ndalama m'magemu ena, amene munthu amalipira osadziwa cimene ciri m'kati, ndi njuga basi.

Kumidzi ya kuno ndalama zimacoka mwa njira yacete kuposa pamenepo. Mwana amene wabwereka foni ya amai ake angadinde pa uthenga womuitanira ku masewera, osadziwa kuti walembetsa malonda odula talk time tsiku liri lonse kufikira wina atawaletsa. Amai adzangoona kuti ndalama zimene aikamo m'mawa zasowa pofika madzulo, naimba mlandu kampani ya mafoni kapena mwana wolakwika. Apa udindo uli kwa kholo. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni si yopatsa mwana ngakhale pomutuma, ndipo mauthenga obwera pa foni ndi oyenera kuwawerenga, kapena kupempha wodziwa Cingerezi awawerenge, pakuti m'menemo ndi m'mene mumalembedwa njira yoletsera. Mafoni a Android ndi a Apple, ndiponso PlayStation ndi Xbox, ali ndi malo oikira lamulo lakuti cinthu cisagulidwe popanda mau acinsinsi a kholo. Makampani anawaikamo malowo, koma kuwatsegula anasiyira mwini foni.

Nanga The Crew inathera kuti? Ubisoft sinaiukitse. Anaiukitsa ndi osewera okha. Kagulu ka anthu odziwa za makompyuta kanagwira nchito kwa nthawi yoposa caka, kopanda malipiro, kupanga seva yongoyerekeza imene imayankha gemuyo monga anali kuiyankhira maseva a kampani. Mu Sepitembala 2025 anaitulutsa kwaulere ndi dzina lakuti The Crew Unlimited, ndipo magalimoto amene anaima kwa miyezi 17 anayambanso kuyenda pa makompyuta a iwo amene anali atasunga gemuyo. Nchitoyo inali ya pa kompyuta pokha. Amene anagula zimbale za PlayStation ndi Xbox sinawafikire, ndipo zimbale zao zinatsala pa shelefu, zoyera bwino, zopanda ndi kakanda komwe.